Kuphunzitsa ana kusakaniza mitundu: utoto wa m'dothi la ku Manjawira

Kusakaniza mitundu ya utoto ndi limodzi mwa maphunziro ochepa omwe mwana wa zaka zapakati pa 3 ndi 8 angathe kuchita ndi manja ake, n'kuona zotsatira zake nthawi yomweyo popanda womuuza kuti wakhoza kapena walakwa. Phunziroli limayendera limodzi ndi kujambula kosafanizira chinthu, komwe pa Chingerezi amati abstract, ndiko kupaka mizere, madontho ndi mabanga a mitundu popanda cholinga choti patuluke nyumba, munthu kapena nkhuku. Ziwirizi n'zovuta kuzilekanitsa, chifukwa mwana amene maganizo ake ali pa kutulutsa nkhuku saona chomwe utoto wachikasu wachita utakumana ndi wakuda.

M'dziko muno ana amakumana ndi phunziroli m'malo awiri. Oyamba ndi sukulu za mmerampoyamba, zomwe kumudzi zimadziwika kuti za mkombaphala, ndipo zambiri zimayendetsedwa ndi alezi ongodzipereka. Achiwiri ndi sukulu za pulayimale, m'phunziro la Expressive Arts, lomwe silabasi yake imakonzedwa ndi bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi. Koma pa mayeso a Sitandade 8 luso limafunsidwa ngati mafunso olemba, m'pepala la Arts and Life Skills, choncho si zachilendo kupeza mwana wodziwa kuloweza kuti buluu ndi chikasu zimabereka mtundu wobiriwira, chikhalirecho sanazisakanizepo ndi kamodzi komwe.

Chifukwa chomwe chimaperekedwa kawirikawiri n'chakuti utoto ndi wodula. Izi n'zoona kwa utoto wa m'sitolo. Koma dera ngati Manjawira, pa msewu wa M1 kummwera kwa boma la Ntcheu, kufupi ndi malire a Balaka, lili ndi dothi, makala, phulusa ndi zomera zokwanira kuphunzitsa pafupifupi mfundo zonse za kasakanizidwe ka mitundu, kupatula mtundu umodzi wokha.

Mayina a mitundu

Chichewa chili ndi mayina atatu a mitundu omwe ndi akale kwambiri ndipo amachokera ku aneni: kuyera, kuda ndi kufiira. Aliwonse ali ndi mvekero wake, monga kuyera mbee, kuda bii, kufiira psuu. Kubiriwira, komwe mvekero wake ndi biriwiri, kumatsatira. Mayina enawo ndi obwereka. Chikasu ndi dzina la chomera chomwe muzu wake amaupera n'kuthira m'ndiwo, kutuwa kumakumbutsa phulusa ndi fumbi, pomwe buluu, pinki ndi pepo adachokera ku Chingerezi. M'chaka cha 1969 akatswiri awiri a zilankhulo a ku America, Brent Berlin ndi Paul Kay, adaonetsa kuti zilankhulo zambiri zimatsata ndondomeko yomweyi: zikakhala ndi mayina atatu okha a mitundu, amakhala oyera, okuda ndi ofiira.

Mphunzitsi ayenera kudziwa kuti mawu oti kufiira amasenza katundu wambiri. Mbatata yomwe mkati mwake ndi mwa mtundu wa lalanje imatchedwa yofiira mkati. Njerwa yowotcha ndi yofiira, magazi ndi ofiira, ng'ombe ya ubweya wonga khofi nayo ndi yofiira. Mwana amene watchula zonsezi ndi dzina limodzi sadalakwe, ndipo maso ake akuona kusiyana kwake bwino lomwe. Chomwe akusowa ndi mawu, ndipo mawuwo amabwera msanga akaloledwa kufanizira yekha: kufiira kwa tomato, kufiira kwa njerwa, kufiira kwa mphonda ya dzungu. Mayina otere ndi olondola kuposa dzina lachingerezi lomwe mwana waloweza osaligwirizanitsa ndi chinthu chilichonse.

Zomwe zimachitika mitundu ikasakanizidwa

Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza, monga momwe Isaac Newton adaonetsera m'zaka za m'ma 1660 podutsitsa kuwala m'galasi la ngodya zitatu. Utoto sutulutsa kuwala kwakekwake. Umameza mitundu ina ya kuwalako n'kubweza yotsala, ndipo yobwezedwayo ndi yomwe diso limaona. Utoto wachikasu umameza kuwala kwa buluu. Utoto wabuluu umameza kuwala kofiira ndi kwachikasu. Ikasakanizidwa, kuwala komwe yonse iwiri yalephera kumeza ndi kobiriwira, n'chifukwa chake m'mbale mumatuluka mtundu wa masamba.

Apa pali yankho la funso lomwe limasautsa alezi ambiri, loti n'chifukwa chiyani ana akangosiyidwa kwa kanthawi mitundu yonse imasanduka matope. Mtundu uliwonse wowonjezedwa umameza gawo lina la kuwala, kotero kuti pomaliza pamatsala kuwala kochepa, kotuwa mofiirira. Utoto ukamasakanizidwa umanka nuderadera, ndipo palibe njira yobwezera mtundu womwe wamezedwa kale.

Mabuku a sukulu amaphunzitsa kuti mitundu yoyambira ndi itatu, wofiira, wachikasu ndi wabuluu, ndipo kuti ina yonse imabadwa mwa iyi. Lamuloli ndi lothandiza poyambira koma silikwanira. Utoto wofiira ndi wabuluu wa m'sitolo kawirikawiri umabereka pepo wakuda ndi wosasangalatsa, chifukwa iwiriyi pamodzi imameza pafupifupi kuwala konse. Makina osindikizira nyuzipepala amagwiritsa ntchito cyan, magenta ndi chikasu, kuphatikizapo wakuda. Galasi la foni ndi la kanema nalo lili ndi itatu yakeyake, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, popeza ilo limasakaniza kuwala osati utoto, ndipo kumeneko kufiira ndi kubiriwira zimabereka chikasu. Mwana wa zaka zisanu safunika kuuzidwa zonsezi, koma mphunzitsi amene akuzidziwa sangamukalipire pamene pepo wake watuluka ngati madzi otsukira mphika.

Utoto wa m'dothi

Amayi a m'midzi ya ku Ntcheu, monganso a m'maboma ena ambiri, amadziwa kale komwe kumapezeka dothi la mtundu uliwonse, chifukwa ndi lomwe amazirira pansi ndi kukongoletsera makoma a nyumba mvula ikatha. Katondo amapereka kufiira. Dothi la kudambo limapereka kuda kotuwira. M'magombe a mitsinje ndi m'maenje oumbira njerwa mumapezeka dothi lachikasu, ndipo malo ena muli loyera. Kufiira ndi chikasu cha dothi zimachokera ku chitsulo chomwe chidachita dzimbiri m'nthakamo, ndipo utoto wotere susuluka ndi dzuwa monga umachitira wa masamba.

Kakonzedwe kake n'kosavuta, koma kamafuna kudekha. Dothi liyanikidwe, lisinjidwe, lisefedwe, kenako lithiridwe m'ndowa ya madzi n'kuvundulidwa. Pakapita kamphindi mchenga umakhala pansi. Madzi amatopewo atsanuliridwe m'chiwiya china n'kusiyidwa usiku wonse. M'mawa madzi oyera a pamwamba atayidwe, ndipo phala losalala lotsala pansi ndiwo utoto. Paokha utotowu ukauma umayoyoka ngati fumbi, choncho umafuna chomatira. Phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa, lophikidwa n'kuziziritsidwa, limagwira bwino ntchitoyi, ndipo utomoni wa mtengo wa mthethe wosungunulidwa m'madzi umaposa pamenepo. Phala la chinangwa limasasa msanga kumalo otentha ngati Manjawira, motero likonzedwe lokwanira tsiku limodzi kapena awiri. Dothi louma lija ndi lomwe lingasungidwe m'mabotolo chaka chonse.

Kuda kwenikweni kumachokera ku makala opera bwino kapena mwaye wa kunsi kwa mphika. Kuyera kumachokera ku dothi loyera kapena zidutswa za choko zotsala m'kalasi.

Mitundu inayi imeneyi, wofiira, wachikasu, wakuda ndi woyera, si yochepa monga ikuonekera. Mlembi wachiroma Pliny, yemwe adamwalira m'chaka cha 79, adalemba kuti akatswiri ojambula a ku Greece wakale, kuphatikizapo Apelles, ankagwiritsa ntchito inayi yomweyi. Katondo ndi dothi loyera zimabereka pinki wonga mkati mwa gwafa. Katondo ndi dothi lachikasu zimabereka mtundu wa lalanje wozizira. Katondo ndi makala zimabereka mtundu wa khofi. Makala ndi choko zimabereka kutuwa komwe, kukaikidwa pafupi ndi kufiira, diso limakuona ngati kwayandikira ku buluu. Chodabwitsa kwambiri kwa ana, ngakhale kwa akulu omwe, ndi dothi lachikasu losakaniza ndi makala pang'ono, lomwe limatulutsa kubiriwira kofooka konga kwa tsamba loyamba kufota, pomwe palibe chobiriwira chilichonse chomwe chathiridwamo.

Ng'anjo ya njerwa nayo ili ndi phunziro lake. Njerwa yaiwisi youmbidwa ndi dothi lachikasu imatuluka m'moto itafiira, chifukwa kutentha kumachotsa madzi omwe adamangika m'dzimbiri lija. Mlezi angathe kuumba timipira tiwiri ta dothi limodzi, kamodzi n'kukaika m'mbaula kapena pa moto wa phala, kenako n'kupera tonse tiwiri ana akuona. Dothi ndi lomwelo, koma utoto watuluka wamitundu iwiri.

Mtundu womwe nthaka sipereka ndi buluu. Umasowa m'dothi pafupifupi kulikonse pa dziko lapansi, ndipo kale ku Ulaya buluu wabwino ankachokera ku mwala wa lapis lazuli wa ku Afghanistan, pa mtengo wopikisana ndi golide. Sukulu yomwe ndalama zake zingakwanire mtundu umodzi wokha ichita bwino kugula buluu, ngakhale kabotolo ka utoto wodyedwa womwe amathira m'makeke ndi m'zakumwa zozizira za ana. Madontho ochepa amakwanira kalasi yonse, ndipo akakumana ndi chikasu ana amaona ndi maso awo chomwe buku limangonena.

Chidede, chikasu ndi chidulo

Kukhitchini kuli kusakaniza kwa mtundu wina, komwe mitundu imasintha popanda kuthiramo utoto wachiwiri. Chidede chikawiritsidwa chimatulutsa madzi ofiira kwambiri. Madziwo akathiridwa chidulo, chomwe amayi amachitcheza kuchokera ku phulusa pophika therere, amada n'kusanduka obiriwira motuwira, nthawi zina moyandikira buluu. Akafinyiridwa ndimu, kufiira kumabwerera. Chikasu chimachita zosiyana ndi zimenezi, pakuti chikakumana ndi chidulo, soda kapena thovu la sopo chimafiira, monga amadziwira aliyense amene adayesapo kuchapa malaya odontheredwa msuzi wa chikasu.

Kumeneku ndi kusintha kwa mankhwala a m'zomerazo, ndipo n'kosiyana ndi kusakaniza kwa utoto komwe kwafotokozedwa pamwambapa. Mlezi achite bwino kuziika pa masiku osiyana kuti ana asasokonezeke. Komabe palibe phunziro lomwe limakhazika chete ana 40 ngati kupaka pepala lonse ndi madzi a chidede, kulisiya kuti liume, kenako n'kulembapo mizere ndi nthenga yoviika m'chidulo chosungunula kwambiri. Utoto wa zomera umasuluka pakapita masiku, ndipo wobiriwira wa masamba osinja a nkhwani kapena bonongwe umasanduka wofiirira msanga, choncho zojambula zoti zikhalitse pakhoma zipangidwe ndi dothi.

Kujambula kosafanizira chinthu

Makolo ena amaona ngati kupaka mabanga ndi mizere n'kutaya nthawi, kapena ndi mwambo wa azungu. Mbiri ya ku Ulaya imati luso lotere lidayamba kumayambiriro a zaka za m'ma 1900. Hilma af Klint wa ku Sweden adayamba kujambula motere mu 1906, Wassily Kandinsky wa ku Russia adatsatira cha m'ma 1910, ndipo Piet Mondrian wa ku Netherlands adadziwika ndi mizere yakuda yodutsana, yokhala ndi timabwalo tofiira, tachikasu ndi tabuluu. Kwa anthu a kumeneko, omwe adazolowera kwa zaka mazanamazana kuti chithunzi chizifanana ndi mwini wake, izi zidali zachilendo zedi.

Kuno sizinali choncho. M'boma la Dedza, loyandikana ndi Ntcheu, muli mapanga ndi matanthwe a Chongoni, malo 127 a zojambula zakale omwe bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira, zomwe akatswiri amati n'za Akafula kapena kuti Abatwa, zambiri ndi mizere yondondozana, madontho, mikombero yolowana ndi zina zonga makwerero. Zoyera, zomwe zidabwera pambuyo ndipo n'za Achewa, zimakhudzana ndi chinamwali komanso Nyau. Utoto wake ndi womwewu wa m'nthaka, ndipo wakhala pa miyala ya ku Mphunzi, Chentcherere ndi Namzeze mibadwo yosawerengeka. Zojambulazi zinali ndi matanthauzo kwa eni ake, motero si zofanana ndendende ndi za Kandinsky, koma zikuonetsa kuti kulankhula ndi mzere komanso mtundu, popanda kufanizira nkhope ya chinthu, n'kwakale m'dziko muno kuposa sukulu.

Mwana wa ku Manjawira safunika kupita ku Chongoni kuti aone zimenezi. Mkanda wa Angoni a kwa Gomani uli ndi timizere ndi tingodya tobwerezabwereza. Lichero ndi mkeka zili ndi kalukidwe kake. Chitenje cha amayi ake n'chodzaza ndi maonekedwe omwe palibe amafunsa kuti akuimira chiyani. Khoma la nyumba lopakidwa lamba wakuda m'munsi, katondo pakati ndi madontho oyera kuzungulira zenera ndi chojambula chosafanizira chinthu, ndipo wochipanga amasankha mitundu ndi diso lomwelo lomwe wojambula wa mumzinda amagwiritsa ntchito. Ku South Africa, Esther Mahlangu, yemwe adabadwa mu 1935 ndipo adaphunzira kulocha makoma a Chindebele kwa amayi ndi agogo ake, adafika pokongoletsa galimoto ya BMW mu 1991 ndi maonekedwe omwewo a pakhoma. Mayi wodziwa kukongoletsa nyumba m'mudzi ndi mphunzitsi woyenera kuitanidwa ku sukulu ya mkombaphala, ngakhale kuti kawirikawiri palibe amamuganizira.

Msinkhu wa mwana ndi kaphunzitsidwe

Viktor Lowenfeld, m'buku lake la 1947 lotchedwa Creative and Mental Growth, adagawa kakulidwe ka luso la ana m'magawo. Kuyambira zaka 2 mpaka 4 mwana amakhwatchakhwatcha, ndipo chomwe chimamukoma ndi kuyenda kwa mkono ndi chizindikiro chomwe ukusiya. Pakati pa zaka 4 ndi 7 amayamba kutulutsa munthu wa mutu waukulu wokhala ndi miyendo yomera m'khosi, ndipo mitundu amaisankha mwa kukonda kwake, kotero kuti mbuzi ikhoza kukhala yobiriwira. Rhoda Kellogg wa ku San Francisco, yemwe adasonkhanitsa zojambula za ana pafupifupi miliyoni imodzi zochokera m'maiko osiyanasiyana, adapeza kuti mikombero, mitanda ndi mizere yomweyo imabwerabwera kulikonse. Kukhwatchakhwatcha kumeneku ndiko kumalimbitsa zala zomwe mawa zidzagwire pensulo.

Motero wa zaka zitatu apatsidwe mtundu umodzi ndi malo aakulu opakapo, monga katoni yotambasula kapena khoma lomwe lidzaziridwenso. Wa zaka zinayi ndi zisanu apatsidwe mitundu iwiri yokha pa tsiku, m'zivundikiro za mabotolo, pamodzi ndi kachivundikiro kachitatu kopanda kanthu kosakaniziramo. Ayambe ndi mtundu wowala n'kumadonthezamo wakuda pang'onopang'ono, chifukwa kadontho ka makala kamagonjetsa supuni yathunthu ya chikasu, pomwe chikasu chochuluka bwanji sichingayeretse makala. Ana a Sitandade 1 ndi 2 angathe kupanga makwerero a mtundu umodzi, kuyambira katondo weniweni n'kumawonjezera choyera mpaka masitepe asanu kapena asanu ndi awiri, ntchito yomwe imaphunzitsanso kuwerenga ndi kuyeza.

Burashi ya m'sitolo siyofunika. Nthenga ya nkhuku imalemba mzere wopyapyala, kamtengo kophwanyidwa kunsonga kamapaka waukulu, chitsononkho chikagubuduzidwa chimasiya timadontho, ndipo chinkhupule ndi chikhatho zimadinda.

Chovuta kwambiri kwa wamkulu ndi pakamwa. Funso loti "Chimenechi n'chiyani?" limauza mwana kuti chojambula chiyenera kukhala chinthu, ndipo akalimva kangapo amayamba kukopera nyumba ya mnzake kapena kunena kuti satha. Mlezi wodziwa ntchito amafunsa zina: "Wasakaniza chiyani kuti utuluke mtundu uwu?" kapena "Tandionetsa pomwe unayambira." Kujambula chitsanzo pa bolodi kuti onse atsatire, ngakhalenso kugwira dzanja la mwana n'kumuwongolera, kumatulutsa mapepala 60 ofanana omwe saonetsa chomwe mwana aliyense wazindikira. Matope aja nawo asanyozedwe. Mwana amene wasakaniza zonse mpaka kutuwa waona yekha pomwe kusakaniza kumathera, ndipo ulendo wotsatira amaima msanga.

Pa phunziro lomweli ndi pomwe mphunzitsi angazindikire mwana amene maso ake sasiyanitsa bwino kufiira ndi kubiriwira. Vutoli ndi lobadwa nalo, limapezeka kwambiri mwa anyamata kuposa atsikana, ndipo silikhudza nzeru. Mwana wotere amasokoneza mitundu iwiriyi mobwerezabwereza pomwe ina amaitchula bwino, ndipo chomwe akufunika ndi kuyezedwa maso kuchipatala, osati chikwapu.

Zoyenera kupewa

Ana aang'ono amaika zala m'kamwa, choncho chilichonse chopakira chikhale chosavulaza chikamezedwa pang'ono. Penti wamafuta wotsala pomanga nyumba asafike m'manja mwawo. Wina amakhala ndi mtovu wa lead, womwe umaononga ubongo wa mwana, ndipo bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati palibe mlingo wake womwe ungatchedwe wosaopsa. Ufa wakuda wa m'mabatire akutha, womwe ena amadetsera bolodi kapena pansi pa nyumba, uli ndi mankhwala oipa ndipo makala amagwira ntchito yomweyo. Laimu wopaka nyumba amaotcha khungu ndi maso, ndipo chidulo chokhathamira chimachitanso chimodzimodzi, motero chisungunulidwe ndi madzi ambiri ndipo chikhale m'manja mwa mlezi. Mbewu za nsatsi, utomoni wa nkhadze ndi zipatso zakutchire zosadziwika zisayesedwe n'komwe.

Dothi litengedwe kutali ndi zimbudzi, makola ndi kudzala, makamaka lokumba pansi pang'ono osati la pamwamba, ndipo liyanikidwe padzuwa mpaka liume gwa. Mabotolo omwe munali mankhwala a thonje kapena a mbewu asasungiremo utoto ngakhale atatsukidwa. Phunziro likatha ana asambe m'manja ndi sopo asanalandire phala.